Bambo Anagona M'bokosi Lawo

Malomo, Ntchisi
12 Okutobala, 2025

Okondedwa achimwene a Gideoni,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Joni kumeneko, inu, alamu anga ndi ana. Kuno tadzuka, dzuwa lokha ndi limene latikwiyira chaka chino. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wachikale. Pa foni mumandidula pakamwa, mumati mayunitsi akutha, ndipo mawu otumizirana pa foni aja ndasiya kuwakhulupirira pa chifukwa chimene muchimve m'munsimu. A Stephano a m'mudzi muno akukwera basi yobwera kumeneko Lachiwiri, ndiye ndawapempha kuti akupatseni pamanja. Mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto, kenaka mukwiye ngati mukufuna. Ine ndinayamba kale.

Nkhani ndi ya amayi. Akulu a mpingo anawapatsa mpaka lero kuti aime kutsogolo m'tchalitchi, apepese abusa pa zimene anachita pa maliro a bambo, apo ayi avule yunifolomu ya chigwirizano ndi kuima pa mgonero. Mukudziwa kuti bulauzi yoyera ija anayamba kuvala inu musanabadwe. Mukudziwanso tanthauzo la kuvulidwa: tsiku lawo likafika, amayi anzawo sadzabwera m'zoyera kudzawaimbira, iwo amene aimbira maliro a dera lonseli mpaka mawu kusasa. Zimene zachitika lero ndikuuzani ndikafika pamenepo, chifukwa mukamva mathero musanamve chiyambi muziti amayi akalamba. Chimene muyenera kudziwiratu n'chakuti pa mboni zimene zinawagwetsa pa mlanduwu, imodzi ndinu.

Za bokosi la bambo mukuzidziwa. Matabwa ake munacheka nawo ndinu, chaka chija mtengo wa mbawa wa kudimba unagwa ndi mphepo, koma kukhoma anakhoma mutapita. Anatenga mwezi wathunthu akupala, akununkhiza, akupalanso. Atamaliza anavula nsapato n'kugonamo kuti ayese, amayi akukalipa pakhomo kuti munthu saitana imfa masana. Iwo anangoti, "Ndakhomera anthu mabokosi moyo wanga wonse. Ndipite m'bokosi la sitolo ngati ndinalibe manja?" Zogwirira anaika za chingwe. Linakhala kuchipinda zaka ziwiri, ndipo amayi, ataona kuti imfayo sikubwera, ankasungiramo mtedza.

Cholakwa cha bambo chinali chimodzi, anamwalira kutatsala milungu yochepa kuti tivote. Nthawi imeneyo, achimwene, munthu sumwalirira abale ako, umamwalirira andale.

Abusa athu atsopanowa simunawaonepo. Ndi munthu wa mawu okoma, woimba bwino, ndipo chaka choyamba tinkawakonda tonse. Zinasintha pamene a Alexio, mmodzi wa opikisana pa mpando wa phungu, analonjeza malata a tchalitchi chatsopano ndi njinga yamoto ya abusa. Kuyambira pamenepo ulaliki uliwonse unkayambira m'malemba n'kukathera pa chizindikiro cha chipani cha a Alexio. Bambo anawadzudzulapo kamodzi pa msonkhano wa akulu, kuti guwa si nsanja ya kampeni. Abusa anaseka, n'kuti madala atopa.

Tsiku loika maliro, adzukulu anabwera kusanache, anayeza bokosi la bambo ndi bango monga mwa nthawi zonse, n'kupita kukakumba. Azibambo anasambitsa thupi, analiveka suti yakuda ija ndi nsapato zake, n'kuligoneka m'bokosi lake. Zonse zinali m'malo mwake. Bambo aang'ono a Gabriel anali atalankhula kale za kubanja n'kupereka mwambo m'manja mwa mpingo, pamene tinamva magalimoto akukwera chitunda. Kutsogolo kunali a Alexio, pambuyo pikapu yodzaza anyamata a nsalu za chipani, ndipo pakati pawo panali bokosi lonyezimira, la galasi pankhope ndi zogwirira zachitsulo zonga golide, zotambalala uku ndi uku. Womaliza kutsika anali Chikhumbo, uja munkakhala naye desiki imodzi ku pulayimale. Pano ndi mtolankhani wa wayilesi imene timamvera kunoyi, ndipo anatsika foni ili kale m'mwamba, akujambula.

Abusa analowa pasiwa akumwetulira ngati afika pa chinkhoswe. Ine ndinali pambali pa amayi.

"Mayi, Mulungu wakuonani," anatero. "Mphatso yafika panjapa."

"Zikomo abusa," anayankha amayi, "koma bambo ali nalo kale lawo. Si awo agonamo?"

"Limenelo ndi la matabwa wamba, mayi. Mkulu wa mpingo ngati ameneyu ayenera ulemu. Komanso mphatso ya pamaliro sakana. Mukufuna alendo abwerere nalo anthu onsewa akuona?"

Amayi anayang'ana a Gabriel. A Gabriel anayang'ana pansi n'kuti, "Mlamu, tisavute. Mwambo tapereka kale." Atero munthu amene madzulo ake anaoneka atavala malaya a chipani atsopano.

Anatitulutsa akazi tonse, n'kuwasamutsira bambo m'bokosi latsopanolo. Koma inu mukudziwa kutalika kwa bambo, munthu wowerama polowa nyumba yake yomwe. Bokosi la sitolo lija linali lalifupi. Pa nthawi yoona nkhope ndinapeza khosi lapindika, chibwano chili pachifuwa, mphumi itatsala pang'ono kugunda galasi. Nsapato zawo ndinaziona pansi pa tebulo. Anawavula kuti akwanemo, n'kuwapinda maondo ngati mwana wogona pa mphasa yaifupi. Munthu amene sanakhomepo chitseko chopendekeka anamugoneka mopendekeka pamaso pa mudzi wonse.

Kenaka kunabwera zolankhula. A Alexio anapatsidwa chimkuzamawu ndi abusa eni ake. Dzina la bambo analiwerenga pa kapepala, n'kulilakwitsabe, Agustino anasanduka Agripa. Anati malemu anali mnzawo wapamtima, ndipo anawanong'oneza ali pa mphasa ya imfa kuti dera lino likufunika munthu ngati iwo. Bambo amene sabata yomaliza sankatha ngakhale kupempha madzi! Anyamata a pa pikapu anaomba m'manja pamaliro, ena mpaka likhweru. Ndinadikira kuti abusa awaletse. M'malo mwake anatsegula malemba n'kulalikira za munthu wachuma uja amene anapereka manda ake kuti aikemo Ambuye, ndipo nthawi iliyonse akati "munthu wachuma wa mtima wabwino" ankatembenukira ku mpando wa a Alexio. Za bambo, za mabenchi onse a m'tchalitchi amene anakhoma osalandira kanthu, ananena mawu osakwana kudzaza chikho.

Kumanda n'kumene zinathera. Mukudziwa kuti adzukulu akakumba dzenje lalikulu amasema kadzenje kena kam'munsi kolowamo bokosi ndendende, ndipo kameneko anasema potsata bango lija, bango la bokosi la bambo. Palibe anakumbuka kuwauza kuti kumudzi kwasintha zinthu. Atatsitsa ndi zingwe, zogwirira zagolide zija zinakodwa m'mbali. Anakweza, anatembenuza, anatsitsanso. Ulendo wachitatu bokosi linapendekeka, kumutu kunatsika, ndipo tonse tinamva bambo akugunda m'kati. Nyimbo inaduka pakati. Mkulu wa adzukulu anati pansipo pali mwala, kukuza dzenjelo kukhoza kufika madzulo. A Alexio anayang'ana wotchi, chifukwa anali ndi msonkhano pa Malomo masana omwewo. Ndiye abusa anati wina athamange kunyumba akatenge nyundo, agwetse zogwirirazo, mwambo upitirire.

Anabwera nayo nyundo ya bambo, ija ya mpini wakuda umene anasema okha. Pamenepo amayi anadzuka pakati pa azimayi. Inu mukudziwa kuti namfedwa salankhula kumanda, amangoyala nkhata n'kugwiriziridwa pobwerera. Koma anadzuka, nayenda okha mpaka pa mulu wa dothi.

"Nyundo imeneyo ibwezeni pamene mwaitenga," anatero, osakweza mawu. "Mwamuna wanga simumukhomera zitsulo pamutu. Manda akana, inu simukuona? Katengeni lake."

"Mayi, khalani pansi," anatero abusa. "Mwambo uli m'manja mwa mpingo."

"Mpingowo munaupeza ndilimo, abusa. Katengeni lake."

Kenaka adzukulu anayi anaika makasu pansi n'kutsetsereka kumudzi. Atabwera nalo, azimayi tinamasula zitenje n'kutchinga mozungulira, ndipo kuseri kwa zitenjezo azibambo anawaongola miyendo bambo, kuwaveka nsapato zawo, n'kuwabwezera m'mbawa wawo. A Abigail, mnzawo wa amayi uja wa mawu aakulu, ndi amene anayambitsanso nyimbo. Bokosi linatsika bwinobwino osagunda paliponse. Bambo anagona m'bokosi lawo, achimwene. Ndalemba mawu amenewa kuti muwawerenge kawiri, chifukwa kwina kulikonse simuwamva. Pamene tinkakwirira n'kuti a Alexio atapita kale, bokosi lawo lili pa pikapu, Chikhumbo atakhala pamwamba pake foni ili m'thumba.

Madzulo ake wayilesi inalengeza kuti banja lina losauka ku Malomo linasowa mtengo wogwira pa maliro a bambo wawo, mpaka a Alexio analipulumutsa ndi bokosi lamakono. Inati anthu zikwizikwi analonjeza mavoti awo pamalirowo, ndipo inaika mawu a abusa akuyamika mtima wa munthu wachuma. Anabwereza m'mawa, masana, madzulo, masiku atatu. Kanema wa pa foni uja munaonera inuyo anamudula pamene a Alexio ankagwira amayi chanza. Za kumanda munalibe ngakhale kachidutswa. Ife, ana a mmisiri, tinasanduka opemphetsa bokosi dziko lonse likumva.

Tsiku lachinayi lake tinali pakhonde, amayi akusenda mtedza uja tinachotsa m'bokosi, wayilesi ikulankhula pa zenera. Mwadzidzidzi tinamva: "Ine Gideoni, mwana woyamba wa malemu, ndili kuno ku Joni, ndikuthokoza bwana Alexio potichotsa manyazi." Ndinathamanga kuti nditseke. Amayi anati, "Isiye." Anamvetsera mpaka kumapeto, mpaka pamene munati Mulungu awapatse mpando umene akuufuna. Ndinayesa kunama kuti mwina ndi munthu wina wa dzina lomwelo. Anati, "Mawu a mwana wanga ndimawadziwa," n'kupitiriza kusenda. Tsiku limenelo sanadye.

Ndikudziwa kuti simunali kuno, ndikudziwanso kuti mapepala anu sanakuloleni kubwera ndipo zimakupwetekani. Munaona kanema, abusa anakuimbirani foni, munaganiza kuti mukuchita ulemu potumiza mawu othokoza. Koma achimwene, kandimverere anakanena za m'maluwa. Matabwa aja munacheka ndi manja anu. Simunadzifunse kuti bokosi la mbawa lapita kuti? Simukanandiimbira ine, mlongo wanu, musanathokoze mlendo potichotsa manyazi amene tinalibe? Ndakwiya nanu, ndipo sindibisa.

Chikhumbo ndinakumana naye pa Malomo tsiku la msika, akudya chipisi pa chiwaya. Ndinamufunsa anthu akumva kuti iye kumanda kuja analibe maso kodi.

"Achemwali, musandivute," anatero. "Ine ndimatumiza zonse, amadula ndi akuluakulu."

"Nanga mawu akuti banja losauka analankhula ndi akuluakulu? Si pakamwa pako pomwepa?"

Anapukuta mafuta kukamwa n'kuti, "Nkhani imatsata amene wathira mafuta m'galimoto. Inu mukanandinyamula, ndikananena zanu."

Ndinamuuza kuti desiki imene anaphunzirirapo kulemba anakhoma ndi munthu amene wamunyozayo. Anati pepani, koma chipisi sanasiye. Ndinamupempha kuti apite nane ku wayilesiko ndikanene ndekha zimene zinachitika. Anati nkhani ya maliro yatha ntchito, anthu akufuna zatsopano.

Zatsopanozo zinabweradi. Patangotha sabata, wayilesi yomweyo inalengeza kuti mnzawo wa a Alexio wa chipani chomwecho, wa ku Dowa, wagulira bokosi lamakono banja lina ku Nachisaka. Marita, msuweni wathu uja anakwatiwa kumeneko, anali pa maliro onse awiri. Akuti analizindikira lisanatsike m'galimoto: chogwirira chimodzi chopindika, ndi kukalika pakona pamene linakhula mwala wa kumanda kwathu. Bokosi limene munagona bambo athu theka la tsiku anakagonekamo mayi wa eni ake, abale ake akuthokoza, m'busa wa kumeneko akudalitsa. Marita anangotseka pakamwa kuopa kuwonjezera misozi pa maliro a anthu. Ndiuzeni inu amene mwayenda, kumene muliko zoterezi zimachitika?

Amayi anaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo chisankho chisanachitike. Ine anandilola kukhala pakhomo. Mlandu unali wakuti ananyoza mtumiki wa Mulungu pagulu, anasokoneza mwambo wa mpingo, ndipo anachititsa manyazi mlendo amene amafunira mpingo zabwino. Amayi atati banja silinapemphe bokosi, abusa anatulutsa foni, n'kuika mawu anu aja patebulo. "Mwana wanu woyamba, mwamuna, wathokoza," anatero. "Inu ndinu ndani kuti mukane?" Akulu asanu ndi awiri, anthu amene anadya nsima ya amayi zaka zonsezi, atakhala pa mabenchi a bambo, anangoti zii ngati aona njoka m'nkhokwe. Aliyense ankaopa kuti akatsegula pakamwa malata athawa.

Malatawo anathawabe. A Alexio anagwa pa chisankho, ndipo mitolo iwiri imene anali atatula kale kuseri kwa tchalitchi inabwera kudzatengedwa ndi pikapu yomwe ija. Lamulungu lotsatira abusa analalikira kuti Mulungu ndiye amaika atsogoleri, ndipo iwo ankapempherera wopambanayo kuyambira kale mumtima. Wayilesi nayo yaiwala kuti kunali munthu wotchedwa Alexio, Chikhumbo pano akukwera galimoto ina. Akulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma apusi athuwa sagwa, amangosintha nthambi. Ine ndinaganiza kuti mlandu wa amayi ufera pomwepo, poti mlendo wochititsidwa manyaziyo kulibenso. Ndinalakwitsa. Malata angapite, koma mawu aja akuti mpingo munaupeza ndilimo abusa sanawameze.

Sabata yonseyi anthu akhala akubwera kudzawanyengerera. A Abigail anabwera kawiri, akulira. "Manesi, tangonena kuti pepani," ankatero. "Ndi mawu amodzi okha. Mulungu akudziwa zoona zake. Ukufuna ife tidzakhale kunyumba tsiku lako?" Inenso, ndisaname, ndinawapempha chimodzimodzi, chifukwa ndimaona mmene amaisamalira yunifolomu ija, mmene Lachinayi lililonse amadzukira m'mamawa ngati mtsikana. Dzulo anaichapa, anaisita ndi makala mpaka kolala kuima, ndipo ndinati basi, agonja.

Lero anavala zoyera zawo pamwamba pa diresi, tinapita. Zolengeza zitatha abusa anawaitana kutsogolo. Anayenda pang'onopang'ono, anaima pafupi ndi gome, anayang'ana mpingo wonse.

"Ndauzidwa kuti ndipepese," anatero. "Ndipepesadi. Ndikupepesa kwa mwamuna wanga, chifukwa ndinachedwa kulankhula. Ndikanakana m'nyumba muja, sakanagona theka la tsiku atapinda miyendo, wopanda nsapato. Kupepesa kwanga ndi kumeneko. Kwina ndilibe."

Kenaka anamasula duku loyera, anavula bulauzi, anazipinda bwinobwino monga amapindira akachapa, n'kuziika pa benchi lakutsogolo. Anasisita benchilo kamodzi ndi chikhatho. Anatulutsa duku lamaluwa m'chikwama, anamanga kumutu, n'kutuluka pakati pa mipando. Ndinayembekeza kuti wina adzuka. A Abigail anabisa nkhope m'chitenje, amayi ena onse anayang'ana zala zawo, ndipo tisanafike n'komwe pa mtengo wa mango wa panja tinamva abusa akuyambitsa nyimbo ya chopereka. Tinabwerera awiriwiri, ine ndi iwo. Panjira anapuma katatu, pamene kale chitunda chimenechi ankakwera atasenza thumba la chimanga.

Sindikukupemphani kuti mutumize mawu ena ku wayilesi, sangawaike. Sindikukupemphaninso kuti mukalipire abusa, amenewo ndi Mulungu wawo adzakambirana. Muwaimbire amayi. Musayambe ndi kufotokoza za kanema kapena za mapepala anu. Mungowauza kuti mwamva kuti bambo anagona m'bokosi lawo, ndipo anachita bwino. Mpingo wonse ukhoza kukhala chete, iwo apirira, koma mawu amene akuwalira m'khutu ndi anu.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo ndikuthokoza. Lonjezo ndi Thoko muwauze kuti azakhali awo akuti alimbikire sukulu. Marita akupereka moni. A Gabriel nawonso akuti moni, ndangolemba poti anandituma. Munda wa kumtunda tagalauza kale, tikudikira mvula. A Stephano akakuuzani za chifuwa cha amayi musadere nkhawa kwambiri, ndi fumbi la nyengo ino, kungoti chikuchedwa kutha ndipo zovala zayamba kuwakulira.

Amayi akuti moni, mwana wawo. Ndawauza kuti ndikulemba kalata, ndipo andituma mawu awa, ndiwalemba mmene anenera. Akuti matabwa a mbawa anatsala asanu ndi limodzi, ali m'shedi ya bambo, chiswe sichinawakhudze. Akuti zida zonse zilipo, nyundo anaibweza pamalo pake. Akuti poti oimba sadzabwera, asadzasowenso pogona pawo, ndipo safuna kuti wina adzawabweretsere mphatso. Masana ano anandituma kudambo kukadula bango, anagona pamphasa n'kuongola miyendo, ndipo ndawayeza. Bangolo lili kuseri kwa chitseko, likudikira inu. Akuti musadikire Khirisimasi ngati mungathe kubwera msanga, ndipo zogwirira mudzaike za chingwe.

Ndine mlongo wanu,
Tabita